Nthawi ya Mvula Si Yathu: Mau a m'Nyengo ya Adventi



Talowa m'nyengo ya Adventi. Liu limeneli linacokera ku Cilatini, ndipo litanthauza kufika kwa munthu amene akumuyembekezera. Ndi Masabata anai Khrisimasi isanakwane, kuyambira pa Sabata loyandikana ndi pa 30 Novembala, tsiku la Andreya Woyera, ndipo caka ca Mpingo cimayambira pamenepa. Ku England, kumene mapemphero athu ambiri anakonzedwera, ino ndi nthawi ya cisanu, dzuwa limalowa msanga, ndipo anthu amadikira kuwala. Kwathu kuno ino ndi nthawi yoyang'ana kumwamba. Pamenepa ndimati ife tili ndi mwai, pakuti munthu wa kumudzi safunika mphunzitsi womuuza tanthauzo la kudikira mu Novembala. Nkhokwe yapepuka, nyenje zalira mpaka makutu kuwawa, mbeu ili m'nyumba, ndipo aliyense akatuluka m'mawa amayamba wayang'ana mitambo asanapereke moni.

Yakobo, m'mutu 5 wa kalata yake, anatenga mlimi yemweyu kukhala citsanzo ca Mkhristu amene akudikira Ambuye. Anachula mvula ziwiri, yoyamba ndi yomaliza. Ku dziko la Israyeli mvula imayamba ca mu Okutobala kapena Novembala ndi kufewetsa nthaka yolimba kuti alime, ndipo ina imagwa pofika ca ku Epulo ndi kukhwimitsa tirigu ndi barele. Miyezi yotsalayo kumakhala gwa. Mukuona kuti miyezi yao ya mvula siisiyana kwambiri ndi yathu. Amene anamva kalata imeneyi poyamba anali kudziwa zimene inu mudziwa: khasu lili m'manja mwa mlimi, koma mvula ili m'manja mwa wina.

Tsono pali njira ziwiri zolakwira pa kudikira, ndipo zonse timaziona m'minda caka ndi caka.

Yoyamba ndi ya munthu wobzala ndi cizimalupsa. Kamvula kagwa masana amodzi, fumbi lazima, fungo la dothi lamveka mudzi wonse, mtima wake wadumpha. M'mawa mwake ali kale m'munda ndi mbeu yonse imene anagula ndi ndalama ya mbuzi. Koma cinyezi cinangolowa pamwamba, osafika ngakhale utali wa cala. Mbeu ifufuma, ina imera, ndiye dzuwa libwerera masabata awiri kapena atatu. Mvula yeniyeni ikafika, munthu uja ali ndi munda koma alibe mbeu. Sanali waulesi ai. Anali wokangalika, mwina kuposa anzake onse. Colakwa cake ndi cakuti anafuna kuti nthawi ikhale itakwana cifukwa iye watopa ndi kudikira.

Mfumu Sauli anacita zimenezi ku Giligala, monga tiwerenga pa 1 Samueli 13. Afilisti anali atasonkhana ku Mikimasi, ambirimbiri. Samueli anali atamuuza kuti adikire masiku 7, adzabwera kudzapereka nsembe. Masiku anatha, Samueli osaoneka, ndipo asilikali anayamba kuthawa, ena kukabisala m'mapanga. Sauli anaitanitsa nyama napereka yekha nsembe, nchito imene siinali yake. Atangomaliza, Samueli anatulukira. Taonani kufupika kwake: munthu anapirira sabata lathunthu, nalephera pa maola ocepa otsiriza, ndipo Samueli anamuuza kuti ufumu sudzakhala m'banja lake.

Nkhani imeneyi ndimaimva m'mafupa, cifukwa ine ndine wotsogolera mapemphero cabe, sindine wansembe. Inu a m'mipingo ya kutali mudziwa mmene zimakhalira. Tsiku la Mgonero lalengezedwa, amai asesa chalichi, anthu ayenda makilomita, ena sanadye. Wansembe sakufika, mtsinje wadzaza kapena njinga yamoto yafa panjira. Mkate ulipo, vinyo alipo, buku lili m'manja mwanga ndipo mau ake ndimawadziwa pamtima. Anthu ayamba kunyamuka mmodzimmodzi. Pa mphindi imeneyo ndimamumvetsa Sauli kuposa mmene ndingafunire. Koma timacita Mapemphero a M'mawa, tiwerenga Mau, tiimba, ndipo tibwerera kwathu ndi njala ya Mgonero. Njala imeneyo siipha. Imatikumbutsa kuti pa gome lija ndife oitanidwa, eni ake si ife.

Pa guwa ndinapirira, koma kunyumba kwanga ndinagwa, ndipo ndiulula kuti wina apulumuke. Nditapuma pa nchito ya uphunzitsi, ndalama zanga za penshoni zinacedwa zaka zitatu. Ndinayenda maulendo, ndinalemba makalata, ndinapemphera. M'caka cacitatu mwana wathu wotsiriza anapeza malo ku koleji, ndipo mtima wanga unati: Mulungu wacedwa, ndidzithandize ndekha. Amai a kunyumba anandiletsa. Anati tipemphe ku koleji kuti atisungire malo, kapena tikambe ndi abale. Ine, mphunzitsi wa masamu, ndinapita kukatenga kaloba, pa K1,000 iliyonse kubweza K1,500 mwezi ukatha. Ndinali kudziwa kuwerengera kwake, ndinaphunzitsa ana za ciwongoladzanja zaka zambiri, koma mantha samva masamu. Ngongole inakula mpaka ng'ombe ziwiri zolimira zinacoka m'khola. Penshoni inafika patapita miyezi inai. Caka cimeneco tinalima ndi makasu, ndipo amai sananene liu lililonse londikumbutsa, cimene cinandiwawa kuposa kukalipa.

Abrahamu anamva lonjezo ali ndi zaka 75. Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Pakati pa zaka 25 zimenezo, iye ndi Sara anatopa, nafuna kuthandiza Mulungu kudzera mwa Hagara, ndipo Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86. Mulungu sanataye Ismayeli, sanatayenso lonjezo lake, koma misozi inalowa m'banja limenelo, ndipo amene anavutika kwambiri anali mdzakazi ndi mwana wake, amene sanapangane nao. Kufulumira kwathu kawirikawiri amalipira ndi ena.

Ndi pa khomo lomweli pamene amalowera anthu ogulitsa nthawi ya Mulungu. Amabwera ndi timabotolo ta mafuta ndi madzi, nati ukapereka zakutizakuti, pakutha masiku atatu ukwati upezeka, nchito ipezeka, matenda acoka. Ena amachula ngakhale tsiku limene dziko lidzatha. Ambuye mwini ananena pa Marko 13 kuti tsikulo silidziwika kwa angelo, ngakhale kwa Mwana, koma kwa Atate okha. Munthu akakuuzani kuti ali ndi kalendala imene Yesu analibe, gwirani thumba lanu.

Njira yaciwiri yolakwira ndi yofatsa, ndipo imaoneka ngati cikhulupiriro. Ndi ya munthu amene amati, "Zonse ndi nthawi ya Mulungu," ali khale pansi pa mtengo wa mango kuyambira Juni mpaka Novembala. Munda sanasose, manyowa ali m'khola, khasu lilibe mpini. Mvula ikagwa usiku wonse, anzake m'mawa akuponya mbeu, iye ndiye akufunafuna wosula. Akamaliza kulima, udzu wamutsogolera, ndipo alangizi a zaulimi amatiuza caka ciliconse kuti cimanga cobzalidwa mocedwa cimacepa zokolola.

Amene mumalima gamphani mudziwa bwino zimene ndikunena. Maenje amakumbidwa mutangokolola, nthaka isanaumitsitse, mpaka m'miyezi yotentha. Munthu amakumba kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, anthu odutsa namuseka kuti akulima fumbi. Athira manyowa, akwirira pang'ono, asiya mapesi pamwamba. Pa tsiku limenelo palibe cooneka. Koma madzi oyamba akagwa, amapeza malo okhalamo. Dzenje siliitana mvula, ndipo silingaifulumizitse ngakhale ndi ola limodzi. Nchito yake ndi yakuti mvula ikabwera isapite pacabe. Kukonzeka kwa Mkhristu ndi kotero. Pemphero la m'mawa uliwonse, kuwerenga Mau kapena kumvetsera mdzukulu akuwerenga, kulapa chimo lisanazike mizu, kupita kwa mbale amene munayambana naye pa malire a munda: zonsezi sizimukakamiza Mulungu kucita kanthu. Zimakumba malo mumtima.

Fanizo la anamwali khumi pa Mateyu 25 ndi la nyengo ino. Ukwati wa Ayuda unali ndi mwambo woti mkwati abwere madzulo, ndipo atsikana amucingamire ndi nyali. Mkwati anacedwa. Pali cinthu cimodzi cimene ambiri timacidumpha powerenga: onse khumi anagona, anzeru ndi opusa omwe. Yesu sanadzudzule tulo. Thupi limatopa, ndipo Mkhristu wokonzeka si munthu wosagona, wamantha, womvetsera phokoso lililonse usiku. Kusiyana kunali pa mafuta. Asanu anawerengera kuti mkwati angacedwe, natenga mafuta apadera. Asanu enawo anakonzekera mkwati wofika pa nthawi imene iwo anaganiza. Cikhulupiriro cao cinali ndi mafuta a maola atatu. Ambiri a ife tili otero: tikhulupirira Mulungu kufikira tsiku limene tinamuikira, likapita nyali yazima.

Ana a sukulu anali kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga anzeru aja bwanji anamana anzao? Si kuuma mtima kumeneko?" Funso labwino, makamaka kwa ife amene tinaleredwa kuti mcere ndi moto sitimana. Ndinali kuwayankha ndi mayeso a Giredi 7. Mnzako ungamubwereke pensulo, ungamugawire mbatata pa nthawi yopuma, koma zimene unaphunzira caka conse sungamuthire m'mutu pa khomo la cipinda ca mayeso. Zilipo zinthu zosabwerekeka. Agogo anu angakhale anali mzati wa mpingo, dzina lanu lingakhale m'buku la ubatizo, mungavale yunifomu ya Mothers' Union kapena kuimba kwaya zaka makumi awiri. Zonsezi ndi zabwino, ndi nyali. Koma tsiku limene adokotala adzakuuzani mau olemetsa, kapena pamene mudzaima pa manda a mwana, mudzayaka ndi mafuta amene inu mwini munasunga pakati pa inu ndi Mulungu. Kale tinali kukamba za koloboyi ndi palafini. Lero ambiri muli ndi nyali za sola, ndipo phunziro ndi lomwelo: yosaikidwa padzuwa masana siingawale usiku, ngakhale ya mnansi wanu itadzaza.

Ndiike cenjezo pano, pakuti mau akuti "nthawi ya Mulungu" tawagwiritsa nchito molakwika mpaka ena afa nao. Si kucedwa kulikonse kumene kucokera kwa Mulungu. Penshoni yanga siinacedwe kumwamba, inacedwa pa matebulo a anthu, ndipo kunali koyenera kuti ndipite kukakumbutsa. Mwana akatentha thupi usiku, nthawi ya Mulungu ndi yomweyo yomunyamula kupita ku kiliniki. Mai woyembekezera asadikire kunyumba mpaka zitavuta. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, musaleke cifukwa wina wakuuzani kuti mwacira mwa cikhulupiriro. Ndipo mkazi amene akumenyedwa asauzidwe kuti apirire kufikira Mulungu atasintha mwamunayo. Apite kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, kwa apolisi. Cimene cili m'manja mwanu citani lero. Kudikira ndi kwa zinthu zimene manja anu sangafikeko.

Tsopano ndifike pa funso lolemera, limene ndidziwa kuti ena mwakhala nalo kuyambira pamene ndinayamba kukamba. Nanga amene anakumba maenje, nasunga mbeu, nabzala pa nthawi yake, napalira, nathira feteleza, koma mvula inaleka? Sitinaiwale caka ca 2024. Cimanga cinali citafika pomasula pamene kumwamba kunatseka masabata otsatizana, ndipo tinaona minda yobiriwira ikusanduka ngati anyezi wouma. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. Wakhama ndi waulesi anakolola cimodzimodzi. Tinasonkhana m'machalichi kupempha mvula, ndipo m'malo ambiri siinabwere pa nthawi yopulumutsa cimanga.

Sindidzakunamizani kuti ndili ndi yankho losalala. Amene amati cilala cinabwera cifukwa ca macimo a mudzi wakutiwakuti akunena zimene Mulungu sanawatume. Cimene ndingakupatseni ndi Marita wa ku Betaniya, pa Yohane 11. Iye ndi Mariya anatumiza uthenga pa nthawi yake kuti mlongo wao Lazaro wadwala. Yesu anamva, nakhalabe kumene anali masiku ena awiri. Pofika, maliro anali atatha, mtembo uli m'manda masiku anai. Marita anapita kukakumana naye panjira namuuza mosabisa kuti akanafulumira, mlongo wake sakanafa. Yesu sanamukalipire cifukwa ca mau amenewo. Ndipo popita kumanda, ngakhale anali kudziwa cimene ati acite, analira. Kukhulupirira nthawi ya Mulungu sikutanthauza kumwetulira pamene mtima ukuwawa. Marita anadandaula, koma anadandaulira Yesu mwini, pamaso pake, sanapite kwina. Ambiri mwa Masalimo ndi anthu ofunsa Mulungu kuti adzacedwa kufikira liti, ndipo Mpingo unawasunga kuti tiziwapemphera.

Ndinaonanso kanthu m'caka ca njalaco. Mai wina wamasiye wa mumpingo mwathu anali ndi kathumba ka mbeu ya cimanga ca makolo ndi nshawa, atakapacika pamwamba pa moto. Adzukulu anali kudya kamodzi pa tsiku, ndipo kangapo konse anakatsitsa kathumbako, nakayang'ana, nakabwezera. Anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ndikadya izi ndiye kuti ndanena kuti Mulungu sadzagwetsanso mvula." Mu Okutobala, ndi mimba yopanda kanthu, anali m'munda kukonza maenje. Dziko lonse linakolola cimanga cokwana matani pafupifupi 1.5 miliyoni mu 2024, ndipo mu 2025 cinapitirira matani 3.6 miliyoni. Sindinena kuti caka cabwino cinafafaniza coipa. Ng'ombe zimene zinagulitsidwa mochipa sizinabwerere, ndipo ana ena amene analeka sukulu sanabwererenso. Koma mvula itabwera, inapeza mai uja ali ndi mbeu.

Ife a mpingo wa Anglican kuno kum'mawa tinabadwa mwa kudikira kotere. Leonard Kamungu anali wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota ku Malawi. Anaphunzira ku Zanzibar, nadzozedwa unsembe mu 1909. Bishopu John Hine atayamba nchito m'dziko lino mu 1910, Kamungu anabwera ku Msoro, pakati pa Akunda, mu 1911. Anayenda pansi m'midzi ya m'cigwa cotentha cija, kuphunzitsa ndi kukonzekeretsa anthu ubatizo. Mu Febuluwale 1913 anamwalira, asanakwanitse ngakhale zaka 40. Zaka ziwiri cabe. Munthu woyang'ana ndi maso a thupi akanati Mulungu walakwitsa nthawi, wacotsa mlimi mbeu itangomera. Dayosizi ya Kum'mawa kwa Zambia inakhazikitsidwa mu 1995, patapita zaka 82, ndipo chalichi cake cacikulu, ca Luka Woyera, cili pa Msoro pomwepo. Kamungu sanacione. Ambiri amene anawaphunzitsa sanacione. Pali mapemphero ena amene mukupemphera lero, a mwana amene anasocera m'tauni, a mwamuna amene sanalowepo m'chalichi, amene yankho lake mwina adzalandira ndi adzukulu anu, inu mutagona. Simeoni ndi Anna, pa Luka 2, anaona khanda la masiku 40 lokha. Sanamve ciphunzitso cake ngakhale cimodzi, sanaone manda opanda kanthu, ndipo kwa iwo zinakwana.

Sabata lino ndikupemphani zinthu zazing'ono. Werengani Mateyu 25 kuyambira vesi 1 mpaka 13, ndi Yakobo 5 kuyambira vesi 7 mpaka 11. Amene maso afooka, itanani mwana wa sukulu akuwerengereni madzulo mukatha kudya. Ngati pali cinthu cimene mwatsala pang'ono kucita cifukwa ca mantha, kusaina ngongole, kugulitsa munda, kupereka mwana wamng'ono ku ukwati kuti mupeze cimanga, kupita kwa sing'anga usiku, imani kaye masiku 7, mukambe ndi munthu mmodzi wopemphera amene saopa kukutsutsani. Ndipo ngati pali munthu amene simulankhulana naye, musadikire Khrisimasi, pitani mawa.

Kwathu wansembe alonjeza kubwera pa Sabata lacitatu la Adventi, ngati mtsinje ulola. Amai ayamba kale kucapa nsalu za pa guwa.